Sipanala m'manja kapena ndalama kugalaja: mutu umene ukuzunguza eni malole

Lole imadya ngakhale itagona. Ikaima pakhomo, ndalama zimaleka kulowa, koma ngongole ya kubanki, inshulansi ndi malipiro a dalaivala sizidikira. N'chifukwa chake mwini lole aliyense, kaya ali ndi ka Canter kotuta mchenga ndi njerwa m'tauni, kaya ali ndi Freightliner yokatenga feteleza ku Beira, amafika pofunsa funso limodzi: ndigwire ndekha sipanala, kapena ndikalipire kugalaja?

Funsoli lakula m'zaka zaposachedwa. Dziko lino silipanga masipeya a malole. Fyuluta, lamba wa injini, ma injector, zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya m'masitolo a masipeya inatsatira pomwepo. Mtengo wonyamulira katundu sukwera mofulumira choncho, chifukwa malole ofuna ntchito ndi ambiri. Mwini galimoto akayang'ana poti achepetse, diso limagwera pa makaniko.

Koma apa pali chinthu chimene ambiri sachiwerengera bwino. Kwathu kuno, pa bilu ya kugalaja, ndalama ya manja a makaniko kawirikawiri imakhala yochepa poyerekeza ndi ya masipeya ndi oyilo. Munthu wosintha yekha oyilo amagulabe oyilo yemweyo ndi fyuluta yomweyo. Chimene wapulumutsa m'thumba si chachikulu. Phindu lenileni lili kwina: amadziwa oyilo amene walowa mu injini yake, amadziwa kuti fyuluta yasinthidwadi osati kungopukutidwa kunja, ndipo pamene wagona pansi pa galimoto amaona zinthu zimene sakanaziona. Mpaipi wayamba kukhulana ndi chitsulo, sipuling'i yathetheka, bawuti yatsala pang'ono kugwa.

Ntchito zoyenera mwini wake kapena dalaivala n'zambiri, ndipo n'zomwe zimanyalanyazidwa kwambiri chifukwa n'zosapatsa ulemu. Kuthira girisi m'malo onse oyenera. Kuyeza mpweya wa m'matayala m'mawa asanatenthe. Kuyang'ana madzi a mu radiator, oyilo ndi malamba. Kutsegula kampopi ka pansi pa matanki a mpweya kuti madzi atuluke, chifukwa mpweya wopopedwa umasiya chinyezi chimene chimachititsa dzimbiri m'mavalavu a mabuleki. Kukhetsa madzi m'kabotolo kolekanitsa madzi ndi dizilo, makamaka masiku a kusowa kwa mafuta pamene madalaivala amakakamizika kugula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, wosadziwika chimene wasakanizidwa nacho. Zonsezi sizifuna sukulu. Zimafuna masipanala ochepa, pampu ya girisi, buku la galimotoyo ndi munthu wosachita ulesi.

Ngakhale pa ntchito zooneka zophwekazi pali misampha. Tengani manati a matayala. Chizolowezi chathu n'kulowetsa paipi yaitali pa sipanala, mnyamata n'kukwerapo n'kumadumpha mpaka nati italira. Pa malole akuluakulu a manati 10, opanga amafuna kuti nati imangidwe pa mlingo wa pafupifupi 600 Nm, ndipo iyang'anidwenso galimoto ikayenda makilomita 50 mpaka 100. Kumanga mopitirira kumatamula bawuti, ndipo bawuti yotamuka ndi imene imaduka pa liwiro. Tayala la lole likachoka pamsewu wa M1, pamene anthu oyenda pansi ndi a njinga ali m'mbali monsemo, nkhani yake imathera kumanda ndi kukhoti. Sipanala yoyezera mlingowu, torque wrench, ilipo, koma ndi eni malole angati ali nayo?

Malire a zimene munthu angachite yekha amadalira kwambiri msinkhu wa galimoto. Ma Canter, Dyna ndi Isuzu akale, a pampu ya dizilo yoyendera zitsulo zokhazokha, amalola munthu kuphunzirirapo. Ukamvetsera kulira kwa injini ndi kuona mtundu wa utsi umatha kulota vuto: utsi wakuda, mwina fyuluta ya mpweya yatsekeka, utsi wa buluu, injini ikudya oyilo. Malole atsopano, monga Scania, Volvo komanso ambiri a ku China a Howo, FAW ndi Shacman, ndi nkhani ina. Ambiri amagwiritsa ntchito common rail, pamene dizilo amapanikizidwa kupitirira mabar 1,600 ndipo kompyuta ndi imene imalamula ma injector. Dizilo wothamanga motero akhoza kuboola khungu la munthu wofufuza podontha ndi chala. Kachenga kamodzi kolowa pomasula paipi pabwalo la fumbi kakhoza kuwononga injector yatsopano.

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, osati kugalaja koma m'kulota. Nyali yayaka pa dashboard, mwini wake agula sensa. Sizinathe, agula fyuluta. Sizinathe, wina amuuza kuti ndi pampu. Pofika tsiku lopita kwa munthu wa makina owerengera kompyuta ya galimoto, wagula kale masipeya atatu osafunika, pamene vuto linali waya wothetheka. Safunsa anadya phula.

Za mabuleki ndiye n'zosakambirana n'komwe. Dalaivala ayenera kudziwa kumvetsera mpweya wotayika ndi kuona ngati geji ikukwera bwino asananyamuke. Koma chigubu cha buleki cha kumbuyo chili ndi sipuling'i yamphamvu yoti ikhoza kupha munthu wochimasula mosadziwa. Palinso kachitidwe koipa kotseka paipi ya mpweya ya tayala lovuta kuti galimoto ingofika, kenako n'kuiwala, n'kunyamulanso katundu. Lole yotero imayenda bwinobwino pachidikha, ndipo imadziwika pa mtsetse wa Chiweta kapena pa Kitonga panjira ya ku Dar es Salaam, pamene matani 30 akukankha kumbuyo. Chiphaso cha COF chochokera ku nthambi yoona za pamsewu chimangonena za tsiku limene galimoto inayezedwa. Masiku ena onsewo ali m'manja mwa mwini wake.

Tisanamizane, galaja nayonso si malo a angelo. Pali magalaja a makampani ogulitsa malolewo, okwera mtengo koma okhala ndi zida ndi mabuku, ndipo galimoto imene idakali pa warranty iyenera kupita kumeneko ngati mwini wake safuna kutaya chitetezocho. Pali amakaniko odziimira paokha ku Biwi ndi Kanengo mu Lilongwe, ku Ndirande ndi Limbe mu Blantyre, ena a luso lodabwitsa, ena odutsa m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, enanso ongodziwa kumasula osadziwa kubwezera. Mwini lole amene amagwirako yekha ntchito zing'onozing'ono ndi amene amatha kuwasiyanitsa. Amafunsa kuti vuto alipeza bwanji asanagule kanthu, amaitanitsa sipeya yakale imene yachotsedwa, ndipo sanyengeka ndi fyuluta yotchipa yokhala m'katoni yokongola.

Oyenda maulendo akunja ali ndi chifukwa china chosamalira. Lole ikafera pakati pa Zobue ndi Tete, kapena kupitirira Kasumulu, makaniko amalipidwa m'ndalama za eni dziko, sipeya imadikiridwa masiku, katundu amafuna mlonda, ndipo mwini katundu amayamba kuyang'ana wonyamula wina. Beringi yoti ikanasinthidwa ku Blantyre pa Loweruka imadya phindu la ulendo wonse.

Choncho inu eni malole, girisi, oyilo, mafyuluta, matayala ndi matanki a mpweya gwirani nokha, ndipo lembani m'kabuku tsiku ndi makilomita a ntchito iliyonse. Ma injector, giyabokosi, kompyuta ndi m'kati mwa mabuleki perekani kwa munthu amene ali ndi zida zoyezera, mum'lipire mtengo wake osanyinyirika.