Ngozi ya Nyukiliya Ikagwa, Alipire Ndani?

Awerengi amene anapirirapo kuwerenga chikalata cha inshuwalansi ya galimoto kapena ya nyumba mpaka kumunsi, kumene kuli timalemba ting'onoting'ono, mwina anakumanapo ndi mawu akuti kampani siidzalipira katundu woonongeka kaamba ka nkhondo kapena ngozi ya nyukiliya. Ambirife mawuwa timangowalumpha. Komatu m'menemo muli funso limene lazunguza mitu ya akatswiri a malamulo kwa zaka zoposa 60: ngozi yotere ikagwa, alipire ndani?

Galimoto ikagunda munthu, bala limaoneka, wolakwa amapezeka, mlandu ndi kutha. Sizili choncho ndi siteshoni yopanga magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya. Iyo ikaphulika, fumbi lake lapoizoni limauluka ndi mphepo, osasamala malire a maiko, ndipo matenda onga khansa angathe kuonekera patapita zaka zambiri. Mtolo wotere palibe kampani imene ingausenze yokha.

N'chifukwa chake maiko anapangana mapangano awiri: la ku Paris m'chaka cha 1960, ndi la ku Vienna m'chaka cha 1963. Onsewa ali ndi mfundo zazikulu zitatu. Yoyamba ndi yakuti mlandu wonse ugwere woyendetsa siteshoniyo, osati amene anaimanga kapena kuigulitsa zipangizo. Yachiwiri ndi yakuti wovulala asavutike ndi kupereka umboni wakuti panali kusasamala. Apa pafanana ndi pabwalo la amfumu: mbuzi zikadya chimanga cha mnansi, mwini mbuzi amalipira, ngakhale atalumbira kuti khola anatseka bwino. Yachitatu ndiyo yowawa: chipukuta misozi chingathe kuikidwa malire. Pangano la ku Vienna linalola dziko kuika malirewo, malinga asachepere madola a ku America 5 miliyoni pa ngozi imodzi, ndipo wodandaula anapatsidwa zaka 10 zokha zokasuma.

Mayeso a mapanganowa anadza pa 26 Epulo, 1986, pamene siteshoni ya Chernobyl inaphulika ku Ukraine, dera limene nthawiyo linali mbali ya Soviet Union. Boma la ku Moscow linayamba lakhala chete. Patapita masiku awiri, antchito a pa siteshoni ya Forsmark ku Sweden ndiwo anazindikira kuti mpweya waipitsidwa. Fumbi lija linafika mpaka kumapiri a ku Wales, kumene alimi ena a nkhosa anakhala pansi pa malamulo okhwima a kagulitsidwe ka ziweto zawo kufikira chaka cha 2012.

Nanga analipira ndani? Soviet Union siinasaine pangano lililonse mwa awiri aja, motero siinalipire maiko ena. Maboma monga la Britain anapepesa alimi awo ndi ndalama za msonkho wa anthu awo omwe. Apa mpamene dziko lapansi linaphunzira kuti pangano limamanga okhawo amene analivomera, pamene mphepo siifunsa amene anasaina.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Seputembala chaka chomwecho maiko anagwirizana kuti dziko limene kwachitika ngozi lidziwitse anzake msanga. Mu 1988 mapangano a ku Paris ndi ku Vienna analumikizidwa, ndipo mu 1997 la ku Vienna linakonzedwanso: chipukuta misozi chinakwezedwa kwambiri, kuonongeka kwa chilengedwe kunayamba kuwerengedwa, ndipo nthawi yosumira imfa kapena matenda inafika zaka 30.

Tsono inu ophunzira, mukadzaonanso timalemba tija musadzatilumphe. Tikukuuzani kuti ngoziyi inachotsedwa m'manja mwa kampani yanu ndi kuikidwa m'manja mwa lamulo lapadera. Mlungu wamawa tidzaona m'mene dziko la Japan linausenzera mtolowu itachitika ngozi ya ku Fukushima mu 2011.