Mawu Ochepa pa Mafunde: Mayankhulidwe a Anthu a Wailesi pa Mwambo wa Field Day

Chaka chilichonse, kumapeto kwa sabata yachinayi ya mwezi wa Juni, anthu oposa 30,000 a ku United States ndi ku Canada amanyamula mawailesi, mabatire, majenereta ndi mawaya n'kukamanga misasa m'mapaki, m'mabwalo a sukulu ndi pamwamba pa mapiri. Akafika amaponya zingwe m'mitengo, amakweza mawaya kuti akhale milongoti, kenako amachezera usiku wonse akuitana anthu amene sanawaonepo. Mwambowu umatchedwa Field Day, ndipo wokonza wake ndi bungwe la American Radio Relay League, mwachidule ARRL, lomwe linakhazikitsidwa mu 1914. Field Day yoyamba inachitika mu 1933. Nkhani ino ikufotokoza mmene mwambowu umayendera, koma yatsamira kwambiri pa chiyankhulo chimene chimamveka pa mafunde masiku awiriwo, chifukwa wophunzira za chiyankhulo akatchera khutu amapeza chinthu chachilendo: anthu zikwizikwi akuyankhulana usana ndi usiku, koma zimene akuuzana n'zochepa zedi.

Tiyambe ndi anthuwo. Iwowa si aulutsi a nkhani ngati amene tinazolowera kuwamva. Ndi anthu wamba, aphunzitsi, alimi, anamwino, ana a sukulu, amene analemba mayeso n'kulandira chiphaso cha boma chowalola kutumiza mawu pa mafunde amene mayiko anagwirizana kuwapatulira. Pa Chingerezi amadzitcha ham. Lamulo siliwalola kulipidwa pa ntchitoyi kapena kuulutsa nyimbo. Aliyense amapatsidwa dzina loitanira lopangidwa ndi zilembo ndi nambala, ndipo chiyambi cha dzinalo chimaulula dziko lake. Mayina a ku United States amayamba ndi K, N, W kapena A, ambiri a ku Canada amayamba ndi VE kapena VA, pamene a ku Malawi amayamba ndi 7Q ndipo a ku Zambia ndi 9J. Siteshoni ya ku likulu la ARRL ku Newington, Connecticut, imatchedwa W1AW, dzina limene poyamba linali la Hiram Percy Maxim, mmodzi wa anthu amene anayambitsa bungweli.

Mwambowu umayamba Loweruka nthawi ya 18:00 UTC, imene kuno ndi 8 koloko usiku, n'kutha Lamulungu. Cholinga chake n'kuyankhulana ndi masiteshoni ambiri mmene kungathekere pogwiritsa ntchito zipangizo zimene zaimikidwa mwachangu, kutali ndi magetsi a masiku onse. Kuyankhulana kumodzi pakamwa kumapatsa pointi imodzi, pamene kwa zizindikiro za Morse kapena kwa kompyuta kumapatsa mapointi awiri. Gulu limene lagwiritsa ntchito mphamvu yosaposa mawati 5 kuchokera ku batire kapena ku dzuwa limachulukitsa mapointi ake kasanu. Palinso mapointi a bonasi, mwachitsanzo chifukwa chomanga msasa pamalo ofikapo anthu onse, kapena chifukwa choti mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu anabwera kudzaona. Zotsatira amazisindikiza m'magazini ya bungweli yotchedwa QST, koma palibe chikho chimene wina amanyamula, ndipo eni ake amalimbikira kunena kuti si mpikisano. Wowamva akuthamangitsana pa mafunde 2 koloko usiku angavutike kuwakhulupirira.

Tsopano timve zimene amanena. Woitana amafuula kuti, "CQ Field Day," n'kutchula dzina lake loitanira. Wina akamumva amangotchula dzina lake basi. Woitana uja amabwereza dzinalo n'kuwonjezera, mwachitsanzo, "Three Alfa, Ohio." Mnzakeyo amayankha kuti, "QSL, One Bravo, Quebec." Woitana amathokoza n'kunena kuti, "QRZ?" ndipo zathera pomwepo. Zonsezi zimatha kutenga masekondi osakwana makumi awiri. Nambala ikusonyeza kuchuluka kwa makina otumizira mawu amene gululo likugwiritsa ntchito nthawi imodzi. Chilembo chikusonyeza mtundu wa siteshoni: A ndi gulu la anthu atatu kapena kuposa lomwe lamanga msasa kunja, B ndi munthu mmodzi kapena awiri, C ndi wa m'galimoto kapena chombo china, D ndi wa kunyumba wogwiritsa ntchito magetsi a masiku onse, E ndi wa kunyumba koma wodalira batire kapena jenereta, ndipo F ndi wa pa likulu loyang'anira ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mawu omaliza ndi chigawo chimene munthuyo ali. Munthu wa dzina loyamba ndi 7Q atati amveke tsikulo, m'malo mwa chigawo anganene kuti "DX", kutanthauza wakutali, ndipo wa ku America angamuwerengere pointi ngati wina aliyense.

Funso loyamba n'lakuti, bwanji akunena "Alfa" ndi "Bravo" m'malo mongotchula A ndi B? Yankho lili m'khutu la munthu. Wailesi zamtunduwu zimadutsitsa chigawo chochepa chabe cha mawu a munthu, kuyambira pafupifupi ma hertz 300 mpaka 3,000. Malembo a liwu amadutsa bwino, koma zambiri zimene zimasiyanitsa malembo opanda liwu, monga s ndi f, zili pamwamba pa malirewo ndipo zimadulidwa. Tsoka ilo, mayina a zilembo za Chingerezi amasiyana pa malembo opanda liwu omwewo. B, C, D, E, G, P, T ndi V onse amathera liwu limodzi, ndipo M ndi N ndi mapasa. Pakakhala phokoso la mphezi kapena la masiteshoni ena oyandikana, zilembozi zimasanduka chinthu chimodzi. Koma mawu a maphatikizo awiri kapena atatu ali ndi msana: ngakhale phatikizo limodzi litatayika, "November" sangasokonezeke ndi "Mike".

Mndandanda wa mawu amenewa sunagwe kumwamba. Bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse la ICAO linagwira ntchito ndi katswiri wa chiyankhulo Jean-Paul Vinay wa ku Université de Montréal chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pofuna mawu amene olankhula Chingerezi, Chifalansa ndi Chisipanishi angawatchule ndi kuwamva. Atauyesa ndi kuukonza, mndandanda umene ulipo lero unayamba kugwira ntchito mu 1956. Kalembedwe kake kali ndi phunziro. Analemba "Alfa" ndi f chifukwa si ziyankhulo zonse zimene zimawerenga ph ngati f, ndipo ife amene timasiyanitsa "pala" ndi "phala" tingachitire umboni. Analembanso "Juliett" ndi t awiri poopa kuti Mfalansa angameze t womaliza monga amachitira m'chiyankhulo chake. Komabe anthu samvera malamulo a akatswiri mpaka kalekale. Pa mafunde mumamva "Kilowatt" m'malo mwa "Kilo", kapena "Germany" m'malo mwa "Golf", makamaka woyankhula akaona kuti mawu afupiwo akumira m'phokoso. Ena amadandaula kuti kumeneku n'kuononga dongosolo. Ine ndikuona kuti akutsata mfundo yomweyo imene Vinay anaitsata, yakuti mawu ataliatali amapulumuka.

Nanga QSL ndi QRZ? Izi ndi zina mwa zidule zoyamba ndi Q zimene zinakonzedwera zombo za panyanja ndipo mayiko anazivomereza pa msonkhano wa ku London mu 1912. Zinapangidwira Morse, kumene chilembo chilichonse chimadya nthawi, komanso zinathandiza kuti oyendetsa zombo a ziyankhulo zosiyana amvane. Chidule chilichonse ndi chiganizo chathunthu, ndipo chimakhala funso kapena yankho malinga ndi chizindikiro cha funso. QTH yokhala ndi chizindikirocho ndi "muli kuti?", yopanda ndi "ndili pakutipakuti". QRZ ndi "akundiitana ndani?", QSL ndi "ndalandira", QRM ndi phokoso la masiteshoni ena, QRN ndi phokoso lachilengedwe monga la mphezi. Chosangalatsa n'chakuti zidulezi zitachoka m'zala n'kulowa pakamwa zinasintha mtundu wa mawu. QTH inasanduka dzina, kutanthauza kumudzi kwa munthu. QSY, imene inali pempho losintha funde, inasanduka mneni, moti munthu amatha kuigwiritsa ntchito ponena kuti wasamuka nyumba. QSL inakhala dzina la khadi limene anthu awiri amatumizirana ngati umboni wakuti anamvanadi. Potsanzikana amati 73, nambala yochokera pa mndandanda wa a telegalafu a kampani ya Western Union wa mu 1859, yotanthauza mafuno abwino. Palinso "hi hi", kumene ndi kuseka kwa pa Morse, ndipo ena amakutchula pakamwa m'malo mongoseka.

Munthu wongomvetsera angafunse kuti phindu la zonsezi n'chiyani, popeza palibe nkhani imene yadutsa. Kudziwa kuti ku Ohio kuli gulu la makina atatu sikusintha moyo wa munthu wa ku Quebec. Apa ndi pamene maphunziro a chiyankhulo amathandiza. Mu 1923 Bronisław Malinowski anafotokoza za mayankhulidwe amene ntchito yake si kupereka uthenga koma kulumikiza anthu, ndipo mu 1960 Roman Jakobson anaika ntchito imeneyi pakati pa ntchito zisanu ndi imodzi za chiyankhulo: kutsegula njira ya mawu, kuona ngati ikugwira, ndi kuitseka. Ife timaidziwa bwino. Munthu akaima pakhomo n'kunena kuti "Odi!" sanauze mwininyumba chilichonse, ndipo "Odini!" si nkhani. Koma popanda mawu awiriwo palibe chimene chingatsatire. CQ ndi odi wogogoda pa makomo onse nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Field Day mlendo akayankhidwa salowa m'nyumba, amathamangira khomo lina.

Chifukwa chogogodera makomo ambiri chotere chimaoneka pa nthawi ya tsoka. Namondwe wamphamvu amagwetsa nsanja za mafoni ndi mapolo a magetsi, ndipo intaneti imazimira limodzi nazo. Wailesi ya mafunde afupi sidalira nsanja ya munthu wina. Mafunde ake amakwera kumwamba, amagunda chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere n'kubwerera pansi makilomita mazana kapena zikwi kutali. Koma njirayi imasinthasintha: mafunde a mamita 20 amayenda bwino masana, a mamita 80 amadzuka dzuwa likalowa, ndipo munthu sangadziwe zimenezi bwinobwino pongowerenga buku. Namondwe wa Maria atasakaza Puerto Rico mu 2017, bungwe la American Red Cross linapempha ARRL kuti ipeze anthu a wailesi, ndipo 22 anatumizidwa ku chilumbacho ndi zipangizo zawo. Zimene anakachita kumeneko, kuimika mlongoti pamalo achilendo, kusunga batire, kumva mawu ofooka m'phokoso, ndi zomwezo zimene zimayesedwa mu Juni.

N'chifukwa chake malamulo a Field Day amapereka mapointi apadera kwa gulu limene latumiza uthenga wolembedwa motsata dongosolo la ARRL. Uthenga wotere nthawi zambiri suposa mawu 25, ndipo kumutu kwake kumakhala nambala yosonyeza kuchuluka kwa mawu ake. Wolandira amawerenga zimene walemba, ndipo nambala ikapanda kugwirizana amadziwa kuti liwu lina latayika panjira. Mauthenga ena obwerezedwa kawirikawiri anapatsidwa manambala. Woyamba pa mndandandawo, ARL ONE, umauza abale kuti onse ali bwino, asade nkhawa.

Mkangano umene ulipo masiku ano ukukhudza chiyankhulo chomwechi. Mu 2003 mayiko anagwirizana kuti kudziwa Morse kusakhalenso kokakamiza pofuna chiphaso, ndipo United States inachotsa mayeso ake mu 2007, ngakhale Morse ikumvekabe kwambiri pa Field Day chifukwa imaboola phokoso kuposa mawu a pakamwa. Kenako mu 2017 Joe Taylor, amene analandira mphoto ya Nobel pa fizikisi mu 1993, pamodzi ndi Steve Franke anatulutsa njira yotchedwa FT8. M'njirayi makompyuta awiri amasinthana timauthenga tating'ono mosinthanasinthana masekondi 15 aliwonse, ndipo amatha kutola chizindikiro chofooka kwambiri chimene khutu la munthu silingachimve n'komwe. Mwini wake amangodina dzina pa sikirini. Kwa munthu wa mlongoti waung'ono, kapena wovutika kumva, imeneyi ndi mphatso, ndipo palibe angatsutse kuti njira ya mawu yatsegukadi. Koma ngati cholinga cha mwambowu n'kukonzekera tsoka, ndikuona kuti otsutsa ali ndi mfundo. Uthenga wongolemba momasuka pa FT8 suposa zilembo 13, ndipo kudina sikirini sikuphunzitsa munthu kufunsa mnzake kuti abwereze dzina la mankhwala kachitatu popanda kupsa mtima.

Mwina n'chifukwa chake m'misasa yambiri mumakhala tebulo lina lapadera lotchedwa GOTA, chidule cha Get On The Air, losungidwira anthu atsopano ndi alendo. Munthu wopanda chiphaso amaloledwa kuyankhula pamenepo malinga wachiphaso ali pambali pake kumuyang'anira. Kawirikawiri amamulembera papepala zoti anene, dzina loitanira m'mawu a Alfa ndi Bravo, nambala, chilembo ndi chigawo, n'kumupatsira maikolofoni. Mnzake wa kutsidya akamuyankha, amalemba dzinalo m'kaundula, ndipo gululo limawerengera kuyankhulana kumeneko pa mapointi ake.