Ukwati Pawokha Supereka Unzika: Zofunika Kudziwa Mabanja a Mkamwini kapena Mtengwa Wakunja

Amene amayenda pa msewu wa M1 pakati pa Zalewa ndi Balaka amadziwa kuti pa Phalula pamakumana anthu a mitundu yambiri. Kumadzulo kwake kuli Neno ndi Ntcheu, maboma ochita malire ndi Mozambique, ndipo kummawa, kupyola Machinga, njanji imatulukira pa Nayuchi. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986, dziko lino lidasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 ambiri adabwerera kwawo, koma ena adatsala chifukwa adali atakwatira kapena kukwatiwa konkuno. Lero ali ndi ana ndi zidzukulu, amalankhula Chichewa ndi Chiyao ngati eni mudzi, komabe m'mabuku a boma ambiri akadali alendo.

Pali chikhulupiriro chakuti munthu akamanga banja ndi Mmalawi ndiye kuti wasanduka Mmalawi. Abale ndi alongo, zimenezi si zoona. Ukwati umatsegula khomo lopemphera, koma chilolezo chokhala m'dziko ndiponso unzika zimaperekedwa ndi boma munthu akalemba pempho ndi kukwaniritsa zofunika.

Kale nkhaniyi sinkavuta kwenikweni kumudzi chifukwa kalata ya a mfumu inkakwanira pa zinthu zambiri. Zinthu zidasintha mu 2017 pamene bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu m'dziko lonse ndi kuwapatsa ziphaso za unzika. Kuyambira pamenepo chiphaso chimafunika ku banki, polembetsa nambala ya foni ndiponso pogula feteleza wotsika mtengo. Amene alibe chiphaso chilichonse amadalira cha mkazi kapena cha mwamuna wake. Nanga mwini chiphasoyo akatsogola, wotsalayo agwira mtengo wanji?

Poyambira penipeni ndi chikalata cha ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati womangidwa kwa a DC, wa chikhalidwe pamaso pa ankhoswe, komanso wa chipembedzo, ndipo nikah ili m'gulu lomalizali. Koma a ofesi safunsa amene adadya nawo mpunga wa pa ukwati, amafuna pepala. Choncho banja lionetsetse kuti lili ndi chikalata chochokera kwa shehe amene adamangitsa nikah, ndipo lipite nacho ku ofesi ya DC kuti ukwatiwo ukalembedwe m'kaundula wa boma. Maina alembedwe mofanana pa mapepala onse, pakuti chilembo chimodzi chokha chikasiyana chingabweze munthu ulendo wonse.

Chachiwiri ndi umboni wa kumene mlendoyo adachokera. Boma silingapereke chilolezo kwa munthu amene sakudziwika dziko lake. Wochokera ku Mozambique ayambe wapeza pasipoti ya kwawo, ndipo thandizo angalipeze ku ofesi za kazembe wa dzikolo ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Chachitatu ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, chimene ambiri amachidziwa ndi dzina loti PRP. Chimaperekedwa motsatira lamulo la 1964 loona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, kudzera ku nthambi ya Immigration imene ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi. Wopempha amadzaza mafomu, napereka chikalata cha ukwati, pasipoti, zithunzi, kalata ya apolisi yosonyeza kuti alibe milandu, ndi ndalama zimene boma lidakhazikitsa. Wokhala ndi PRP amakhala mwamtendere osaopa kubwezedwa chifukwa cha kutha kwa masiku, koma akadali nzika ya dziko lina ndipo pasipoti ya Malawi sangaitenge.

Unzika weniweni uli pansi pa lamulo lina, la 1966. Apa pali kusiyana kumene mabanja a chikamwini ayenera kukumvetsa. Lamuloli lidapereka njira yapadera kwa mkazi wakunja wokwatiwa ndi Mmalawi kuti alembetse unzika. Mwamuna wakunja wokwatira Mmalawi sadapatsidwe njira yoteroyo: iye amapempha monga mlendo wina aliyense. Mwa zina ayenera kuti wakhala m'dziko muno movomerezeka zaka 7, ndi wa khalidwe labwino, amatha kudzisamala pa chuma, amadziwa Chingerezi kapena chilankhulo chovomerezeka cha kuno, ndipo ndi wokonzeka kusiya unzika wa kwawo. Mawu otsiriza ndi a nduna. M'maboma a Balaka, Machinga ndi Mangochi, kumene mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndiye kuti ambiri mwa alendo okhazikika ndi amene njira yawo ili yotalika. Omenyera ufulu wa amayi akhala akudandaula za tsankho limeneli, popeza ndime 24 ya Malamulo Aakulu a 1994 imapatsa amayi ufulu wofanana ndi abambo, kuphatikizapo pa nkhani ya unzika.

Mu December 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Kusinthaku kudathandiza makamaka mbadwa za dziko lino, monga ana athu amene adakhazikika kunja. Mkamwini kapena mtengwa wakunja asaganize kuti tsopano mapepala ndi osafunika.

Nkhani yabwino ili kwa ana. Mwana wobadwira m'Malawi ndi nzika ngati mmodzi mwa makolo ake, bambo kapena mayi, ali nzika. Chofunika ndi kumutengera chikalata cha kubadwa akadali wamng'ono, ndipo akafika zaka 16 akalembetse chiphaso chake. Ana obadwira ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene anyamata ambiri a kunyanja amapita kukasaka ntchito, nawonso alembetsedwe msanga makolo onse awiri akadali moyo.

Pa za malo, lamulo la 2016 la malo a mafumu limalola nzika zokha kulembetsa malo oterowo m'dzina lawo. Pa chuma cha masiye, lamulo la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Komatu wamasiye amene alibe umboni wa ukwati amavutika kudziteteza achibale akayamba kulanda katundu.

Chenjezo lomaliza ndi la njira zachidule. Ena amauza a mfumu kuti awalembe ngati mbadwa, ena amapereka ndalama kwa madobadoba. Chiphaso chopezeka mwa bodza chingalandidwe nthawi iliyonse, ndipo mwini wake angazengedwe mlandu. Mu 2020 khoti lalikulu lidapeza yemwe kale adali nduna yoona za m'dziko wolakwa pa mlandu wokhudza kupereka unzika mosatsata malamulo, ndipo mu 2023 boma lidalanda unzika anthu mazana angapo ochokera ku Rwanda ndi Burundi. Lipirani pa kauntala yovomerezeka basi, landirani lisiti, ndipo sungani makope a pepala lililonse limene mwapereka.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ankhoswe, eni mbumba ndi mashehe, pamene mukukambirana za mahari ndi tsiku la nikah, funsaninso za mapepala a mlendo amene akulowa m'banja lanu. Kwa amene adamanga banja kalekale nthawi ikadalipo: yambani ndi chikalata cha ukwati ndi makalata a kubadwa a ana, zinazo zitsatire chimodzichimodzi.