Opanga manyowa kumalire a Milange

Chimanga cha ku Milange chakhala chikudyetsa anthu a ku Mulanje ndi Phalombe kwa zaka zambiri. Chimaoloka pa Muloza panjinga zakapalasa, n'kukatsitsidwa pamsika wa Limbuli. Alimi ambiri a kutsidyako sanazolowere feteleza, poti nthaka ya m'munsi mwa phiri la Tumbine inkabereka yokha. Koma munda wolimidwa chaka ndi chaka umaguga, ndipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anakokolola dothi lapamwamba m'malo otsetsereka. Feteleza naye anakwera mtengo kuyambira 2021, kaya ugule ndi metikali kaya ndi kwacha. Apa m'pamene manyowa asandukira ntchito yodyerapo anthu.

Amene amati manyowa ndi aulere sanawapangepo. Pali anyamata otuta ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku m'makola a eni ziweto. Pali aganyu odula mapesi ndi masamba a nandolo, kusanja mulu, kuthira madzi otunga kutali, kenako kumata mulu wonse ndi matope n'kusiya kabowo kopumira. Chimenecho ndiye chimato, ndipo chimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti chipse. Katswiri amalowetsa ndodo pakati pa mulu: ikatuluka yofunda, ntchito ikuyenda, ikatuluka yozizira, madzi kapena masamba aawisi achepa.

Kompositi wotereyu payekha sakwanira munda wachimanga, n'chifukwa chake akuchenjera amawonjezera zina. Phulusa limachepetsa kuwawasa kwa dothi lofiira la kuno komwe mvula imagwa yambiri. Manyowa a Mbeya, amene afala kwambiri ku Malawi, amasakaniza madeya, ndowe, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Feteleza wolemera makilogalamu 10 amatulutsa thumba lathunthu. Vuto lake n'lakuti chaka cha njala madeyawo amakhala ufa wa banja, osati wa munda.

Amayi a m'madimba ndiwo eni manyowa amadzi. Amamangirira ndowe kapena masamba a deliya m'saka, kuliviika mumgolo milungu iwiri kapena itatu, n'kumatakasa. Asanathirire amasungunula mpaka madziwo aoneke ngati tiyi wosalowerera. Amathira patsinde pa tomato ndi mpiru, osati pamasamba odyedwa. Madziwa amadzutsa mbewu msanga, koma sakonza nthaka. Wokonza nthaka ndi kompositi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwezi wa Ogasiti ukafika, utsi umakwera mbali zonse za mtsinje wa Muloza: anthu akutentha mapesi posaka mbewa ndi pososa. Zomwe wachimato akanagula zikupsa.

Inu ogula thumba la manyowa pamalirepa, yambani mwapisamo dzanja. Akakhala otentha kapena akununkhabe ndowe, sanapse, ndipo akakuwaulirani mbewu.