Nsomba za ku Feira na masamu a kondakitala

Tonse timam'dziwa uja kondakitala wa pa Kulima Tower amene sanyamuka mpaka mpando wothela utadzala. Ise tili "tiyeni imwe, tacedwa!", iye ali zii. Ine n'naleka kum'kalipila n'tabwelako kwathu ku Feira, kumene Luangwa ithila madzi mu Zambezi, Zumbo ya ku Mozambique ikuoneka tsidya.

Azakhali anga kumeneko amagula nsomba kwa asodzi, kuziwamba pa uvuni, n'kuzibweletsa ku Soweto Market. Ndalama zawo zimacoka m'njila ziwili. Zina sizisintha, nsomba zicepe kapena ziculuke: lendi ya mosungila katundu na galimoto yohaya. Zina zimakula pamodzi na nsomba: nkhuni, mcele na anyamata otumbula.

Tinene kuti galimoto aihaya K3,000 kucoka ku Feira, kudzela pa Luangwa Bridge, mpaka mu Lusaka. Akakwezamo mabasiketi 10, basiketi imodzi yadya K300 ya ulendo. Akakwezamo 30, yadya K100 cabe. Ndiye masamu a kondakitala amenewo: cashing ya mwini basi siicepa cifukwa cakuti mipando ilibe anthu.

N'taona zimenezi, n'nakongola ndalama ku nchito n'kuwapatsa. "Azakhali, gulani nsomba zonse zofika pa doko. Zikaculuka tidzawina." Anandiyang'ana, nati, "Mwanangu, uvuni ni umodzi." Sin'namve.

Mu October, Feira ni ng'anjo. Nsomba zinaculukila uvuni, zina zinayembekeza pa mphasa mpaka kuyamba kununkha. Anyamata amene tinaonjezela anali kungopondana pamoto umodzi, koma madzulo aliyense afuna zake. Nkhuni za pafupi zinatha, tinayamba kugula zodula za kutali. Mabasiketi othela anatidyela ndalama zambili kuposa zimene anabweza ku Soweto.

A zacuma amaifotokoza motele: poyamba, kuculukitsa katundu kumatsitsa mtengo wa cinthu cimodzi, cifukwa zolipila zosasintha zija zimagawika pa zinthu zambili. Koma ukapitilila pamene zida zako zikwanitsa, ciliconse coonjezela cimakudyela zambili kuposa cinzake ca pambuyo. Funso la wamalonda n'limodzi: basiketi yotsatila idzandidyela zingati, ndipo idzabweza zingati?

Manje pa 1 December boma limatseka usodzi mpaka kumapeto kwa February. Uvuni umazizila miyezi itatu, koma lendi na nkhongole yanga sizipita pa chuti. Nikali kubweza. Azakhali ayamba kusungila njelwa za uvuni waciwili, ndipo ati nkhani ya kugula zambili tidzaikamba ukatha kumangidwa.

Kondakitala akayembekeza kuti basi idzale, nimam'mvetsa. Koma akayamba kupanikiza wacisanu pa mpando wa anthu anayi, nimakumbukila fungo la nsomba zija.