Mpoza: chitsamba chodyetsa mbalame ndi nyama zakutchire ku Angónia

Kuyambira mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo ndipo mvula isanakhazikike, mpoza umayamba kuchita maluwa m'tchire ndi m'malire a minda kuno ku Angónia. Chitsambachi n'chachilengedwe kuno kwathu, palibe anachibweretsa. Akatswiri amachitchula kuti Annona senegalensis, ndipo n'chachibale ndi ata, chipatso chomwe chimagulitsidwa m'misika.

Maluwa a mpoza ndi achikasu, okhuthala ndiponso onunkhira. Fungo lake limakopa tizikumbu ting'onoting'ono timene timalowa m'kati mwa duwa n'kutenga mungu kupita nawo pa duwa lina. Popanda tizikumbuti, mpoza sungabereke bwino. Masamba ake nawonso ndi chakudya cha mbozi zomwe zimadzasanduka agulugufe.

Zipatso zimapsa m'dzinja, makamaka pakati pa Disembala ndi Malichi. Imeneyi ndi nthawi yomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, choncho ana oweta ng'ombe ndi mbuzi amathandizika nazo. Koma sadya okha. Mbalame monga apumbwa, komanso apusi, anyani ndi agwape amadalira zipatso zomwezi. Nyamazi zimakataya nthangala kutali, ndipo pamenepo pamadzamera mpoza wina. Kunena kwina, nyama zimene zimadya mpoza ndi zomwenso zimaudzala.

Vuto lalikulu ndi moto. Mpoza wokhwima sufa msanga, chifukwa ukapsa umaphukiranso kuchokera ku mizu. N'chifukwa chake anthu ambiri amaganiza kuti moto suuvulaza. Komatu moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, womwe ena amayatsa posaka mbewa kapena pososa m'munda, umafika pamene chitsamba chikukonzekera maluwa. Mphukira zikapsa, chaka chimenecho zipatso zimachepa kapena kusowa kumene. Tchire likamapsa chaka ndi chaka, mpoza umangokhala chiputu chophukira, osakula mpaka pobereka zambiri.

Alimi a ku Ulónguè, Dómuè, Calómuè ndi anzathu a ku Tsangano, pali zomwe tingachite popanda kuwononga ndalama. Potsegula munda wa chimanga, fodya kapena mbatata ya kachewere, siyani zitsamba za mpoza zomwe zili m'malire ndi m'mphepete mwa mitsinje. Lambulani udzu mozungulira udzuwo usanaumitsitse. Mukafuna luzi kapena muzu wa mankhwala, tengani pang'ono mbali imodzi, osazula tsinde lonse.

Kumbukiraninso kuti malamulo a dziko la Mozambique amaletsa kutentha tchire mwachisawawa. Moto sudziwa malire: woyatsidwa mbali ya kuno ungathe kuolokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, chimodzimodzinso wochokera uko. Ndi bwino mafumu ndi anyakwawa a mbali zonse ziwiri akambirane nkhaniyi ndi anthu awo nyengo yotentha isanafike.