Si onse opulumutsa miyoyo amene amabaya jakisoni

Mtsikana wina wa Folomu 4 wochokera kwa T/A Chikweo m'boma la Machinga watilembera kalata yodandaula. Akuti mtima wake uli pantchito yachipatala, koma akangoona magazi amachita chizungulire. Masamu okha ndiye amakhoza kwabasi. Makolo ake akuti akapanda kukhala namwino ndiye kuti fizi yapita pachabe. Kodi n'zoona?

Ayi mwanawe, si zoona. Kuchipatala kuli ntchito ina yosaonekera, koma ikalakwika amalira ndi odwala. Iyi ndi ntchito younika bajeti ya zaumoyo.

Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo, kusiyana ndi kale pomwe chinkayamba pa 1 Julayi. Tsikulo lisanafike, pamafunika munthu woti awerengere: kodi ambulansi yonyamula mayi wovutika pobereka kuchoka ku Chikweo kupita kuchipatala chachikulu ku Liwonde idzamwa mafuta ochuluka bwanji pachaka? Nanga mankhwala a malungo a LA ofunika kuitanitsa ku Central Medical Stores Trust, makamaka m'dzinja udzudzu ukachuluka? Nanga chakudya cha odwala, madzi ndi magetsi?

Ndalama zikabwera, munthu yemweyo amafananitsa zomwe zidakonzedwa ndi zomwe zagwiritsidwa ntchito, n'kuchenjeza mabwana thumba lisanaume. Mitengo ikasintha, monga zidachitikira Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amawerengeranso zonse. Akagona tulo, ambulansi imaima mwezi usanathe.

Ntchitoyi ndi yofunika chifukwa ndalama n'zochepa. Mu 2001 maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma kuno kwathu kawirikawiri sitifikapo. Choncho tambala iliyonse iyenera kugwa pamalo pake.

Tsono uyambire pati? Limbikira kuti pa MSCE upeze makirediti osachepera 6, kuphatikizapo Chingerezi ndi Masamu. Ukatero ungathe kuphunzira Economics ku University of Malawi ku Zomba, kapena Accountancy ku MUBAS ku Blantyre. Ukapanda kusankhidwa usataye mtima. Ambiri adayambira ku Malawi College of Accountancy n'kulemba mayeso a ICAM pang'onopang'ono. Kompyuta uidziwe bwino, makamaka Excel, ndipo uzitha kufotokoza manambala momveka kwa dokotala ngakhale kwa khansala.

Koma satifiketi payokha siikwanira. Cashgate ya mu 2013 idatiphunzitsa kuti ophunzira omwe ndi amene amaboola thumba la boma. Ngati dzanja lako limayabwa likaona ndalama za eni, ntchitoyi isiye.

Nkhaniyi ukawawerengere bambo ndi mayi, mwaulemu. Uwauze kuti mutu umodzi susenza denga: namwino amapereka mankhwala, koma pamafunika wina woonetsetsa kuti mankhwalawo alipo.